Fomu ya SDQ yoyezera khalidwe ndi maganizo a ana: mphamvu yake ndi pomwe imapunthwa kuno ku Kasungu

SDQ (Strengths and Difficulties Questionnaire) ndi pepala limodzi la mafunso 25 lomwe anakonza Robert Goodman, dokotala wa maganizo a ana ku London, mu 1997. Limapezeka ulere pa intaneti, ndipo kulijambula pa fotokope n'kololedwa bola osasintha mawu. Kholo kapena mphunzitsi amayankha za mwana wa zaka 4 mpaka 17, pokumbukira miyezi sikisi yapitayi. Mayankho ndi atatu okha: si zoona, n'zoona pang'ono, n'zoona ndithu. Malikisi ake ndi 0, 1 ndi 2.

Mafunsowa ali m'magulu asanu: nkhawa, khalidwe, kusakhazikika, kugwirizana ndi anzake, ndi mtima wothandiza ena. Mumawonkhetsa magulu anayi oyambawo, malikisi osapitirira 40; akachuluka ndiye kuti mavuto nawonso ndi ochuluka. Gulu lachisanu limaima palokha, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: akaliphatikiza, mwana wachifundo amaoneka ngati wovuta. Palinso mafunso asanu (7, 11, 14, 21 ndi 25) owerengedwa chobwerera, oti "n'zoona ndithu" ndi 0.

Ubwino wake waukulu ndi woti imafunsa za mwanayo, osati za amene akumulera. Mu 2003 Susan Golombok, katswiri wofufuza za mabanja, ndi anzake anaigwiritsa ntchito ku England pa ana a zaka 7: mabanja 39 a amayi okondana ndi akazi anzawo, 74 a bambo ndi mayi, ndi 60 a mayi wolera yekha. Amayi anayankha, aphunzitsi nawonso anayankha paokha. Ana a mabanja 39 aja sanapezeke ndi mavuto oposa a anzawo. Chiwerengerocho n'chochepa, n'zoona, koma phunziro lake likutikhudza kuno komwe ana ambiri akukula ndi agogo, azakhali kapena mayi yekha, ndipo anthu amafulumira kuweruza poona banja asanamuone mwanayo.

Koma fomuyi inabadwira ku Britain, ndipo zimaonekera. Funso la mutu ndi m'mimba kupweteka kawirikawiri limawerengedwa ngati nkhawa, pomwe kwa Santhe kapena ku Chamama angakhale malungo kapena njoka zam'mimba. Yambani mwafunsa ngati mwanayo anapita kuchipatala. Funso lina limatenga mwana wokonda kukhala ndi akuluakulu ngati wosowa anzake, chikhalirecho kwathu kuno ameneyo ndiye timati waulemu. Mphunzitsi wa kalasi yodzaza amangochonga yankho lapakati, choncho mpatseni amene amamudziwadi mwanayo. Kwa kholo losadziwa kuwerenga, muwerengereni muli awiri, osati pagulu, chifukwa palibe angavomere pamaso pa anansi kuti mwana wake amaba.

Pa fomu ya kholo, 0 mpaka 13 ndi bwino, 14 mpaka 16 ndi pakatikati, 17 kupita m'mwamba pakufunika kuunikanso. Malirewa anachokera pa ana a ku Britain, ndiye 17 asakhale chigamulo: mutumizeni mwanayo ku ofesi ya Social Welfare pa boma kapena kuchipatala akamuone bwinobwino.