DAC yomwe tinasonkherana ija, itadutsa chilimwe ndi dzinja

Ambiri mwakhala mukundifunsa ngati DAC ija tinamanga ndi anzanga kumayambiriro kwa 2024 ikuimbabe kapena inasanduka chokongoletsera pa shelefu. Ikuimba. Pafupifupi madzulo aliwonse magetsi akakhalapo imakhala ikugwira ntchito. Koma zomwe ndingakuuzeni lero ndi zosiyana ndi zomwe ndikanakuuzani sabata yoyamba, makutu adakali ndi chisangalalo cha chinthu chatsopano.

Kwa amene simunamvepo, DAC ndi chipangizo chotenga nyimbo zomwe zili mu kompyuta monga manambala n'kuzisandutsa mafunde a magetsi omwe ampulifaya ndi masipika angathe kuwatulutsa ngati mawu. Foni iliyonse ili nayo mkati, laputopu nayonso. Ife tinafuna yathuyathu yowotcherera ndi manja. Tinalipo anthu 8, ena ku Blantyre, ena ku Lilongwe, ndipo mmodzi amakhala ku Johannesburg. Tinasonkherana chifukwa kugula wekha sikupindula: kampani yosindikiza mabolodi owotchererapo zida ngati JLCPCB imayambira pa mabolodi 5 ngakhale ukufuna limodzi, masitolo akuluakulu ngati Mouser amatsitsa mtengo ukagula zida 10 kapena 25 zamtundu umodzi, ndipo mtengo wotumizira katundu kuno umatha kuposa mtengo wa katunduyo.

Tinasankha chip (kachipangizo kamene kamagwira ntchito yeniyeni yosandutsa manambalayo) ya PCM1794A, ya Texas Instruments, yochokera ku mzere wa Burr-Brown, kampani yomwe Texas Instruments inagula mu 2000. Si chip yatsopano, ndipo ena pagulu ankafuna za makampani a ESS kapena AKM zomwe zimatchuka masiku ano. Za AKM zinali zitasowa kwa nthawi yaitali kuchokera pomwe fakitale yawo ya ku Nobeoka, ku Japan, inapsa mu Okutobala 2020, ndipo pamsika panali patadzaza zokayikitsa. Za ESS ngati ES9038Q2M miyendo yake ili kunsi kwa chip, zomwe n'zovuta kuwotcherera ndi chowotcherera wamba. PCM1794A ili ndi miyendo 28 yooneka, yotalikirana 0.65 mm, ndipo sifuna kuilembera pulogalamu iliyonse: umangolumikiza miyendo ina ku magetsi kapena ku ground, iyo n'kudziwa chochita. Imalandira nyimbo za 24-bit mpaka 192 kHz. Mpaka lero ndikuona kuti chisankhochi chinali chabwino. Pa ma DAC onse 8, palibe ndi imodzi yomwe chip yake yafa, ndipo palibe amene wavutika ndi firmware, pulogalamu ya mkati mwa chipangizo.

Mbali ya USB nayonso sinativute. Tinagula timabolodi ta Amanero Combo384 tomwe timalandira nyimbo kuchokera pa USB n'kutulutsa I2S, njira yomwe chip imalandirira manambalawo, pamodzi ndi koloko ya 22.5792 MHz pa nyimbo za 44.1 kHz ndi 24.576 MHz pa za 48 kHz. Pa Linux ndi pa Mac mumangolumikiza basi. Ya ine ili pa laputopu yakale ya Linux ndipo sindinaikhudzenso.

Vuto loyamba linabwera tisanagwire n'komwe chowotcherera. Tinasonkha ndalama m'makwacha kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, msungichuma wathu n'kumadikira kuti onse amalize. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti ndalama zikadali m'manja mwake, ndipo zomwe zinali zokwana zinangoperewera tsiku limodzi. Anatipulumutsa ndi mnzathu wa ku Johannesburg uja: analipira ndi khadi yake, katundu anafikira kwa iye, n'kumutumiza pa basi ndi wachibale wake. Ife tinamubwezera pang'onopang'ono. Komabe kuti ndalama zikwane, gulu linagwirizana kuchotsako zinthu zingapo pa mndandanda wa Mouser n'kuzigula kwa wogulitsa wina wa pa intaneti yemwe mitengo yake inali yotsika kwambiri. Pafupifupi chilichonse chomwe chativuta m'miyezi yonseyi chinachokera mu phukusi lachiwirilo.

Ma op-amp, tizipangizo tokulitsa mafunde a magetsi, ndiwo anayamba. PCM1794A situlutsa voltage koma current, choncho pamafunika ma op-amp osandutsa current ija kukhala voltage ampulifaya isanailandire. Tinaitanitsa OPA2134. Anafika atalembedwa bwinobwino, ndipo milungu yoyamba aliyense ankayamikira. Kenako mnzathu wina wa ku Lilongwe, yemwe amakonza mawailesi ndi ma TV, anati mawu a mbale za ng'oma akumveka ngati akukanda. Anayeza current yomwe op-amp imodzi ikudya ikangokhala. OPA2134 yeniyeni imadya pafupifupi 8 mA mbali zake ziwiri pamodzi. Zathu zinali kutali kwambiri pansi pake. Atapukuta pamwamba ndi acetone, zilembo zinachoka. Tinali titagula chinthu china chovala dzina la eni ake. Tinazichotsa n'kuikamo NE5532 zenizeni, zotchipa zomwe zakhala zikugwiritsidwa ntchito m'mastudio kwa zaka zambiri, ndipo kukanda kuja kunatha. Mwayi wake tinali titaika masoketi, choncho kusinthako kunali kozula n'kubaya.

Apa ndinene maganizo anga, ngakhale ena pagulu sagwirizana nane. Pambuyo pake tinapeza OPA2134 zenizeni ziwiri n'kumaziyerekeza ndi NE5532, wina akusintha wina akumvetsera osaona. Ine sindinathe kusiyanitsa mokhazikika. Kusiyana pakati pa yabodza ndi yeniyeni kumamveka ngakhale uli kukhitchini. Kusiyana pakati pa zenizeni ziwiri zabwino n'kochepa moti sindingakulangizeni kuwonongerapo ndalama zakunja.

Komwe ndalama zimafunikadi ndi ku magetsi odyetsa DAC, ndipo apa m'pomwe mapulani ojambulidwa kunja saganizira moyo wathu. Chip imafuna 5 V ndi 3.3 V, ma op-amp amafuna 15 V ya mbali ziwiri, yokwera ndi yotsika. Tinagwiritsa ntchito thiransifoma yozungulira ija ya toroidal ndi ma regulator okhazikitsa voltage a LM317 ndi LM337. Magetsi a pakhoma akakhala bwino, zonse zili chete. Koma magetsi akathima n'kubwera mwadzidzidzi, ma voltage awiri a ma op-amp sagwa nthawi imodzi, ndipo masipika amaphulitsa phokoso loti "phu!" loopsa. Mnzathu mmodzi anataya tweeter, kasipika ka mawu okwera, chifukwa cha zimenezi. Tinachita kusonkheranso kachiwiri kugula timabolodi ta relay yodula mawu magetsi akangogwa ndi kuchedwetsa masekondi angapo akabwera. Aliyense womanga DAC kuno aike relay imeneyi pa tsiku loyamba.

Palinso nkhani ya inverter. Ambiri a ife tili ndi batire ndi inverter yotchipa ya modified sine wave, yomwe magetsi ake si osalala ngati a pakhoma. Thiransifoma ya toroidal siikonda konse: imalira ngati njuchi ndipo imatentha, kulirako n'kumalowanso m'masipika. Amene ali ndi inverter ya pure sine wave sakudandaula. Ine ndinangovomereza kuti magetsi akathima DAC ipume, ndimvere pa foni ndi mahedifoni.

Mwezi wa Okutobala unaonetsa kuti ma heatsink, tizitsulo toziziritsa, omwe tinagula ndi aang'ono. Kutentha kwa ku Blantyre kutafika pachimake, LM317 ya 5 V sinkagwirika ndi chala. Sinafe, koma ndinaisinthira heatsink yokulirapo yochokera mu power supply ya kompyuta yakufa, n'kubowolanso zibowo pa chivindikiro. Makapasita akuluakulu a mu phukusi lachiwiri lija anatupa pa ma DAC awiri. A Nichicon ndi Panasonic ochokera ku Mouser ali bwinobwino mpaka pano. Dzinja litafika, awiri anayamba kumva kuthetheka mbali imodzi. Chinali chinyezi chokumana ndi flux, mankhwala owotcherera, yotsalira pakati pa miyendo ya chip. Kutsuka ndi isopropyl alcohol ndi mswachi wakale kunathetsa vutolo. Masoketi a RCA otchipa aja nawo anachita dzimbiri msanga.

Nanga mawu ake? Poyerekeza ndi potulukira mahedifoni pa laputopu yanga, kusiyana n'koonekeratu: kaphokoso ka "sss" kamene kamamveka nyimbo ikatha kulibe, besi ndi yolimba, ndipo mawu a kwaya samaphatikizana n'kukhala phala. Poyerekeza ndi DAC yogula m'sitolo ya mtengo wapakati yomwe mlamu wanga anabwera nayo kuchokera ku Britain, ndinene zoona, sindingalumbire kuti yathu ikuposa. Mukawerengera zonse, msonkho, relay, makapasita osintha ndi bokosi lachitsulo lomwe tinakapangitsa kwa wowotcherera, yogulayo ikanatuluka yotchipa. Amene cholinga chake n'kupulumutsa ndalama asayambe ntchitoyi.

Phindu lomwe ndaliona ndi lakuti chikawonongeka timadziwa pogwira. Msungichuma wathu anaumirira kuti tigule zida zoonjezera: mabolodi 10 m'malo mwa 8, ma chip awiri apadera, ma regulator ndi marezisita ochuluka. Nthawi imeneyo ena anang'ung'udza, makamaka kwacha itagwa. Kabokosi kameneko kayenda kale pakati pa Blantyre ndi Lilongwe kangapo, ndipo bolodi limodzi linapulumutsa mnzathu amene anazula njira za mkuwa pochotsa kapasita. Popanda kabokosiko akanadikira miyezi kuti wina aitanitsenso.

Tikukambirana gulu lachiwiri, nthawi ino la ampulifaya ya mahedifoni. Zomwe tagwirizana kale ndi izi: ndalama zizisinthidwa kukhala zakunja zikangolowa, osadikira womaliza, ma chip, ma op-amp ndi makapasita onse achokere kwa ogulitsa ovomerezeka basi, ndipo makinawo athe kudya 12 V ya batire mwachindunji. Pa mfundo yomalizayi sitinagwirizanebe kuti 15 V ya mbali ziwiri tiipanga bwanji popanda kubweretsa phokoso la switching, lochokera ku timabolodi tosintha voltage poyatsa ndi kuzimitsa magetsi mofulumira, ndipo mnzathu wokonza mawailesi uja akuyesa timabolodi tiwiri mwezi uno.