Gombe likasungunuka: bwato liti lingakufikitseni pa ayezi n'kukubwezani?

Epulo akafika kuno ku Dalarna, chigawo cha pakati pa dziko la Sweden, nyanja zimayambira m'mbali kusungunuka. Mumafika pagombe m'bandakucha kuti mukatsetsereke pa ayezi ndi masiketi (zitsulo zazitali zomangirira pansi pa nsapato), chisanu cha usiku chasalaza ayezi yense kuti see mpaka kutsidya, koma pakati pa inu ndi ayeziyo pali ngalande ya madzi akuda bii, pena mamita 5, pena 20. Anzathu a ku Sweden amati ayeziyo ndi landlös, ndiye kuti walekana ndi mtunda. Miyala, bango ndi dothi la pagombe zimafunda msanga ndi dzuwa, madzi a chipale chosungunuka amatsikira m'nyanja kuchokera kumtunda, ndipo nyanja ikadzaza imanyamula ayezi yense n'kumuzula pomwe anagwira. Pakatikati akhoza kukhala wokhuthala masentimita 30 kapena 40 pamene m'mphepete mulibe kanthu.

Ine ndinakulira ku Nkhotakota ndipo nkhafi ndinaigwira ndili wamng'ono, choncho madzi a mamita 20 sindiwaopa. Chimene ndaphunzira kuno n'chakuti kupalasa ndi gawo laling'ono la nkhaniyi. Bwato la ntchito imeneyi timaliyesa pa zinthu ziwiri: mmene limakutsitsirani pa ayezi, ndi ngati mudzalipeze pamene mukulifuna masana. Ndayesako njira zingapo pa nyanja ngati Siljan ndi Runn, ndipo sizifanana m'pang'ono pomwe.

Ndiyambe ndi thabwa, ngakhale si bwato. Mpata ukakhala wa mamita awiri kapena atatu, thabwa lalitali kapena makwerero a aluminiyamu n'zokwanira, ndipo magulu ambiri a otsetsereka amachita zimenezi. Koma mpata wa 7 koloko m'mawa si womwewo wa 11 koloko. Mlomo wa ayezi umanyenyeka dzuwa likakwera, thabwa lija n'kukhala lalifupi. Ndimalidalira mu Malichi basi, kapena pagombe loyang'ana kumpoto pamene pali mthunzi wa mitengo.

Kanu (canoe, bwato lalitali lotsekuka pamwamba) ya aluminiyamu ndi imene ndimaikhulupirira kwambiri potsikira pa ayezi. Za mtundu wa Inkas, zopangidwa ndi Linder ku Tingsryd, zili paliponse m'dziko muno, ndipo ku America za Grumman zimagwira ntchito yomweyo. Usiku kukazizira, mpata uja umagwira kaayezi kopyapyala ngati galasi la pawindo. Kanu imangokaswa kuti phwa phwa phwa, inu n'kumapita. Mukafika pamlomo, wakutsogolo amasendera m'mbuyo pang'ono kuti mutu wa bwato udzuke, wakumbuyo n'kupalasa mwamphamvu kuti mutuwo ukwere pa ayezi. Ngati ayezi ndi wovunda, amathyoka bwato likadali pansi panu, mumangopalasanso n'kukwera patsogolo. Wakutsogolo amabaya ndi ispik, ndodo yathu yachitsulo kunsonga ija, ali chikhalire m'bwato. Akamva kuti palimba amatulutsa mwendo umodzi, manja onse atagwira m'milomo ya bwato, n'kumakankha ndi mwendowo pamene winawo uli m'kati. Mamita 10 kapena 20 oyamba mumayenda choncho. Pakathyoka, thupi limagwera m'bwato, nsapato yokha ndiyo imanyowa.

Luso limeneli si la lero. Alimi amene ankanyamula makalata pakati pa Sweden ndi zilumba za Åland, kuyambira mu 1638 pamene msewu wa makalata wopita ku Åbo (mzinda wa Turku, ku Finland) unakhazikitsidwa, ankawoloka makilomita opitirira 40 pakati pa Grisslehamn ndi Eckerö akukoka maboti pa ayezi ndi kulumphiramo pakathyoka, ndipo ambiri anatsalira komweko. Anthu a m'zilumba za kufupi ndi Stockholm anali ndi boti lawolawo la ntchito imeneyi, lotchedwa isöka. Kanu ndi mdzukulu wabwino wa maboti amenewo chifukwa ndi yolimba pansi: kulemera kwanu kumagawikana pa mamita 5 a bwato m'malo mokhala pa phazi limodzi.

Vuto lake ndi kulemera. Imapitirira makilogalamu 30, imafuna galimoto yokhala ndi zomangira padenga ndi anthu awiri oinyamula, ndipo gombe labwino nthawi zambiri silikhala pafupi ndi msewu. Choipa kwambiri n'chakuti mumaisiya. Palibe amene angatsetsereke makilomita 30 akukoka kanu, makamaka kukakhala mphepo, chifukwa imakupotozerani kumene ikufuna. Ndiye ulendo wonse umamangidwa pa malo amodzi.

Zimenezi zinandionekera chaka china kumapeto kwa Epulo. Tinali anthu anayi. Tinawoloka awiriawiri, n'kukokera kanu chapatali ndithu ndi mlomo, n'kuimangirira pa sikuluu ya ayezi. Cha m'ma 10 koloko mphepo inatembenuka, ndipo tili pakati tinamva kulira kwakutali, kenaka kunjenjemera pansi pa mapazi. Ayezi yense anali atasuntha. Mng'alu umene tinaudumpha m'mawa osaganizirako n'komwe unali utayasama kuposa kutalika kwa galimoto, kanu ili tsidya linalo, ikung'anima padzuwa. Tinazungulira pafupifupi ola lathunthu pa ayezi amene anali atayamba kale kuda ndi kufewa, mpaka tinapeza pamene mapande awiriwo anali atatsamirana. Mnzathu wina anabira mpaka m'chiuno pamenepo. Tinamukoka ndi chingwe, anasintha zovala, tinafika. Koma tsiku limenelo ndi limene linandichititsa kugula bwato lopopa.

Bwato lopopa lobereka kumsana, limene aliyense kuno amangolitchula kuti packraft, limathetsa vuto lomwelo. Mtundu umene unalitchukitsa ndi Alpacka, umene Sheri Tingey anauyambitsa ku Alaska, koma pano opanga achuluka. Limalemera makilogalamu awiri kapena atatu, likapindidwa limakwana m'chikwama pamwamba pa zovala zosinthira, ndipo mumalipopa ndi thumba lokokera mpweya m'mphindi zisanu kapena kuposerapo pang'ono manja akauma. Mukawoloka mumaliphwetsa n'kulibereka. Ayezi akasuntha, kapena mukaona kuti gombe lina ndi labwino kuposa pamene munalowera, bwato muli nalo. Mukhoza kulowera kuno n'kutulukira kutsidya kumene kuli basi.

Komabe pamlomo pa ayezi silifika pa kanu, ndipo amene angakuuzeni zosiyana sanaliyese m'mawa wozizira. Kaayezi kopyapyala kaja silikaswa bwino. Limakwera pamwamba pake, nkhafi n'kumangoterereka osagwira kanthu. Ine ndimagwada kutsogolo n'kumadzikoka ndi isdubbar, tizitsulo tiwiri tosongoka tija timavala m'khosi kuti tidzikokere pa ayezi tikagwera m'madzi, kapena kuswa njira ndi ispik kaye. Potsika palibenso zotulutsa mwendo umodzi, chifukwa pansi pake ndi nsalu chabe. Mumagona chafufumimba pamutu pa bwato n'kukwawira pa ayezi, chingwe cha bwato chili m'manja, mpaka mutafika polimba. Zimatheka, koma muyambe mwaziyeserera pamadzi osaya, mnzanu ali pagombe ndi chingwe. Palinso tizinthu tina tofunika kukumbukira. Mpweya umene mwapopa ukakhudza madzi ozizira umafota, bwato n'kukhala lobwefuka, ndiye liikeni m'madzi kaye kwa mphindi zingapo, muonjezere ndi pakamwa, kenaka mukwere. Masiketi athu aatali aja, a masentimita 45 kapena 50, muwavule ndi kuwakulunga, nsonga ya ispik muivundikire. Ndipo mukafika pa ayezi musalisiye losamanga ngakhale kwa kamphindi, kamphepo kochepa kamalikunkhuniza kuposa mmene inu mungathamangire.

Limanyamula munthu mmodzi. Gulu likakhala la atatu kapena anayi, mumamanga zingwe ziwiri zopulumutsira, china kumutu china kumbuyo, woyamba akawoloka otsala amalikoka lopanda munthu. Zingwe zathu nthawi zambiri zimakhala za mamita 20 kapena 25, ndiye mpata ukaposa pamenepo njirayi yatha. Woyamba kuwoloka akhale amene amaudziwa ayezi kuposa onse, chifukwa kwa mphindi zingapo amakhala yekhayekha tsidya lija. Mtengo nawo ndi woluma: labwino limadya makorona (ndalama za ku Sweden) masauzande angapo, ena amapitirira 10,000, pamene kanu mukhoza kubwereka kwa mnansi kapena kugula yakale.

Chifukwa cha mtengowo ambiri amafunsa za mabwato opopa otchipa, a pulasitiki, ogulitsidwa m'chilimwe pa makorona mazana ochepa. Ndinayesako limodzi. Pulasitiki wake amauma gwa kukazizira, popindika pamayamba kuchucha, ndipo likanyowa silipindikanso bwino kuti libwerere m'chikwama. Pampata wa mamita 5 pamene madzi amalekeza m'mawondo lingakuthandizeni kuti musanyowe. Pamadzi akuya sindingakwezepo mwana wa munthu.

Kayaki, bwato lotsekeka pamwamba limene munthu amalowetsamo miyendo, ndiyo ndingakuletseni kotheratu. Pamadzi imathamanga kuposa zonse, koma ife sitikupita patali. Ndi yopapatiza, mutu ukangokwera pa ayezi imayamba kupendekeka, ndipo kuti mutulukemo muyenera kusolola miyendo yonse iwiri mutavala nsapato zolimba ndi chikwama kumsana, pamalo pomwe ayezi ndi wofooka kwambiri. Imakomera okhawo amene avala suti yosalowa madzi ndipo anazolowera kugubuduzika nayo.

Pali chinthu chimodzi chimene bwato lililonse mwa amenewa silisintha, ndipo chimandidetsa nkhawa ndikaona anthu atsopano akugula packraft. Ayezi wa nyengo ino si wa Januwale. Ayezi wakuda wolimba wa m'nyengo yozizira, wotchedwa kärnis, amachenjeza: amalira, amang'aluka, ispik ikabaya imakuuzani zoona. Wa Epulo dzuwa limamudya m'kati, amasanduka timizati toimirira tosagwirana, ndipo akhoza kukhala wa masentimita 20 kapena 30 koma n'kukumezani mwakachetechete. M'mawa chimakunyamulani ndi chikhungwa cha pamwamba chimene chauma usiku. Ndiye usiku ukhale wopanda mitambo ndi wozizira kutsika pa 0, mulowe kusanache bwino, ndipo cha m'ma 10 kapena 11 koloko mukhale muli pamtunda. Mphepo ikamachokera kumtunda kuloza pakati pa nyanja, musawoloke n'komwe, pakuti ayezi wolekana ndi gombe ndi chisumbu choyandama. Magulu akale ngati Stockholms Skridskoseglarklubb, limene linayamba mu 1901, ndi Friluftsfrämjandet amaphunzitsa mawu atatu: kunskap, sällskap, redskap, ndiye kuti kudziwa, anzako, zida. Bwato lili m'gulu lachitatulo, pamodzi ndi chikwama chokhala ndi lamba wapakati pa miyendo, chingwe ndi isdubbar. Wofufuza wina, Gordon Giesbrecht wa ku University of Manitoba ku Canada, anafotokoza kuti wogwera m'madzi ozizira chonchi amakhala ndi mphindi imodzi yoti abweze mpweya m'malo, mphindi pafupifupi 10 zoti manja agwire ntchito, ndi pafupifupi ola asanakomoke. Mphindi 10 zimenezo n'zosakwanira kupopa bwato muli m'madzi, choncho mukaona kuti ayezi wayamba kukayikitsa, imani polimba, lipopeni, muzilikoka pambuyo.

Ndiye ndimasankha chonchi. Tikakhala gulu, nyanja ndi yaing'ono yotetezeka ku mphepo, msewu uli pafupi ndipo tikufuna kuzungulira maola awiri n'kubwerera pomwepo, kanu ya aluminiyamu ilibe mnzake. Pa nyanja yaikulu ngati Siljan, kapena tikakwera kumpoto mu Meyi kutsatira ayezi wotsala, packraft ndiyo imalowa m'chikwama, ndipo tikakhala anayi timatenga awiri, oberekedwa ndi anthu osiyana amene sayenda moyandikana. Masiku amene tili ndi galimoto ndi manja okwanira timatenga zonse ziwiri: kanu yolowera m'mawa pa kaayezi kolasa kaja, lopopa kumsana la pobwerera.