Lindt Excellence 85%: chokoleti chabwino koma musagule kuti muonde

Pa kukoma ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5, koma ngati mukufuna kugula kuti muchepetse thupi monga amanenera m'magulupu a WhatsApp aja, ndalama zanu sungani abale. Ine ndine munthu wathupi, BMI yanga (muyeso woyerekeza kulemera ndi kutalika kwa munthu) inadutsa 25 kalekale, ndadya chokoletichi kwa miyezi ingapo ndipo sikelo ikungowerenga zomwezija. Opanga ake sanalembe paliponse pa paketi kuti chimaondetsa, nkhani imeneyo timangotumizirana tokha pa foni.

Tsiku loyamba chimawawa ndithu, chimaumitsa mkamwa ngati nthochi yosapsa, ana anga analawa kamodzi basi sanabwerenso kudzapempha, zomwe kwa ine ndi phindu lalikulu. Mukazolowera mumayamba kumva fungo la koko weniweni ndipo chinsinsi chake ndi kusatafuna, kungosiya kachidutswa kasungunuke pa lilime. Zokoma za mkaka zija pano ndimamva shuga yekhayekha.

Tsono za ma polyphenol, michere ya m'zomera yomwe a pa WhatsApp aja amati ndi imene imaondetsa. Zoona koko ali nawo, makamaka mtundu wa ma flavanol monga epicatechin, ndipo ndi omwewo amathandizira kuwawa kuja. Koma 85% yolembedwa kutsogolo ikungonena kuchuluka kwa zochokera ku koko kuphatikizapo mafuta ake, sikuuzani kuti ma flavanol atsalamo angati, chifukwa ambiri amawonongeka povundika nthanga, pokazinga komanso pamene opanga ena amathira mankhwala ochepetsa kuwawa. Chomwe chalembedwa poyera kuseri kwa paketi ndi ma calorie: magalamu 100 ali ndi pafupifupi 600 ndi mafuta opitirira magalamu 40. Paketi ili ndi zidutswa 10, ndiye mukadya zitatu madzulo aliwonse pamwamba pa nsima ndi ndiwo zanu zanthawi zonse mwawonjezera chakudya basi, thupi silifunsa kuti mafutawo abwera ndi ma polyphenol kapena ayi.

Chomwe chimandiseketsa nchakuti mbiri yoti chokoleti chimaondetsa inakula kwambiri mu 2015 chifukwa cha mtolankhani John Bohannon, yemwe anachita dala kafukufuku wachinyengo ku Germany ndi anthu 15 okha pofuna kuonetsa mmene manyuzipepala amamezera nkhani za zakudya osafufuza. Nyuzipepala ya Bild inalemba, ena m'mayiko ambiri anakopera, kenako mwiniwake anaulula kuti unali msampha. Kuululako kunafika kwa ochepa, bodza lija ndi lomwe likuyendabe mpaka lero eti.

Za mtima ndi mitsempha ya magazi ndiye pali kanthu ndithu. Bungwe loona za zakudya ku Ulaya la EFSA linavomereza mu 2012 kuti ma flavanol a koko okwana mamiligalamu 200 patsiku amathandiza kuti magazi aziyenda bwino m'mitsempha. Kafukufuku wamkulu wa COSMOS ku America, wa anthu opitirira 21,000, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2022, ankapereka makapisozi a koko osati chokoleti, ndipo ngakhale pamenepo matenda a mtima onse pamodzi sanatsike mokhutiritsa, ngakhale imfa za mtima zinaoneka zochepa. Palibe pomwe akuti mimba iphwa.

Pomwe ineyo chandithandiza ndi pa chilakolako cha zotsekemera cha 4 koloko chija. Kale nthawi imeneyo inali ya mandasi awiri kapena mabisiketi ndi chakumwa chozizira, pano kachidutswa kamodzi ndi tiyi wopanda shuga ndimafika nako mpaka chakudya chamadzulo, chifukwa chowawa chonchi sungamalize paketi nthawi imodzi olo utafuna. Ndiye ngati chikulowa m'malo mwa china chake chili bwino, koma chikangowonjezera pamwamba palibe chomwe mwachita. Ndipo ngati ndi ma polyphenol omwe mukusaka, tiyi wathu wa ku Thyolo ndi Mulanje ali nawo, nyemba zofiira zilinso nawo, pa mtengo woti simudandaula.

Mtengo ndi wowawa kuposa chokoleti chenichenicho, makamaka kuchokera 2024 pomwe koko anakwera kudutsa madola 10,000 pa tani chifukwa cha zokolola zoipa ku Côte d'Ivoire ndi Ghana, omwe amalima woposa theka la koko wa dziko lonse. Zimandipweteka pang'ono kuti koko amalimidwa pompano ku Kyela ku Tanzania, kungowoloka Songwe, koma ife timagula atazungulira kaye ku Ulaya.

Zina zoti mudziwe: musadye usiku ngati tulo timakuvutani, muli caffeine ndi theobromine zomwe zimathawitsa tulo, ine ndikadya itadutsa 8 koloko ndimangotembenuka pa bedi. Galu musamupatse olo pang'ono, theobromine ndi poizoni kwa agalu. M'nyengo yotentha ya Okutobala finyani paketi musanalipire, sitolo ina inandigulitsa chomwe chinasungunuka nkuumanso, chotuwa pamwamba, chimadyeka koma chimangofumbutuka mkamwa. Amene muli ndi matenda a shuga funsani kaye adokotala, shuga ndi wochepa koma alimo. Ndigulanso mwezi ukatha, ndipo ongoyamba kumene yambani ndi cha 70%.