Natural Number Game: Mphunzitsi wa Masamu Wosalola Kudumpha Sitepe

Aphunzitsi anzanga a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amene mukuchita digiri ya masamu muli pantchito, ndikufuna ndikufotokozereni za Natural Number Game, pulogalamu yaulere ya pa intaneti yophunzitsa kulemba umboni wa masamu. Anaiyambitsa ndi Kevin Buzzard wa ku Imperial College London pamodzi ndi Mohammad Pedramfar, ndipo imayendera Lean, chida chounika umboni chimene Leonardo de Moura anayamba kupanga ku Microsoft Research m'chaka cha 2013.

Ambiri a ife tinakula tikupikisana kupeza yankho, koma ku yunivesite amafuna kuti munthu asonyeze chifukwa chake yankholo lili loona, ndipo apa ndi pamene timapunthwa, makamaka ife amene timawerenga tokha ku Ngabu kapena ku Bangula popanda wotichongera ntchito.

Pulogalamuyi imayambira pa maziko amene Giuseppe Peano anafalitsa mu 1889, akuti pali nambala yoyambira ndipo nambala iliyonse ili ndi yotsatira yake. Lamulo loti n + 0 = n mumapatsidwa, koma loti 0 + n = n muyenera kulitsimikiza nokha pogwiritsa ntchito njira yotsimikizira ya masitepe awiri yotchedwa induction. Munthu amayamba wadabwa, poti kwa iye ziwirizi ndi chinthu chimodzi, koma Lean sivomera mpaka mutasonyeza kuti lamuloli likugwira pa ziro, kenako kuti likagwira pa nambala ina likugwiranso pa yotsatira. Mukalemba mzere umodzi wolamula Lean, monga rw kapena rfl, pambali pamaoneka zimene mwatsimikiza ndi zimene zatsala. Mukafika potsimikiza kuti a + b = b + a, mumazindikira kuti zimene timauza ana a Fomu 1 kuti n'zodziwikiratu zili ndi mizu yakuya. Ine gawo limeneli linandisinthira kaphunzitsidwe, ndipo ndimaliona kuti ndi mtima wa pulogalamu yonseyi.

Zovuta zilipo. Imafuna netiweki yosadukaduka, ndipo pa foni kulemba zizindikiro n'kotopetsa, choncho laputopu ndiyo yabwino. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kuno kumatentha kwambiri, ndi bwino kuigwiritsa ntchito m'mamawa. Chodetsa nkhawa chachikulu n'chakuti wophunzira angathe kumangoyesa malamulo mwachisawawa mpaka kompyuta itavomera, iye osamvetsa chimene wachita, pomwe pamayeso adzafunika kulemba umboni m'ziganizo zomveka ndi cholembera.

Pa chifukwa chimenechi ndikulangiza kuti mukamaliza gawo lililonse muzilembanso umboniwo m'kope mwa mawu anuanu musanapite patsogolo. Amene akufuna thandizo la calculus kapena zojambula ayang'ane pulogalamu ina yotchedwa GeoGebra, chifukwa Natural Number Game ntchito yake ndi umboni basi, ndipo kwa oyamba chaka choyamba ndikuivomereza ndi mtima wonse.