Ndemanga: ZFS pa Ubuntu Server 22.04 ndi mmene imagawanira RAM ndi Linux

Ndimagwiritsa ntchito ZFS, yomwe ndi dongosolo losanjira mafayilo pa disiki, kusungira mafayilo a situdiyo yathu yojambula zithunzi ku Katoto, mumzinda wa Mzuzu, pa kompyuta yakale ya RAM ya 16 GB. Ndemanga yanga ikukhudza nkhani imene imadetsa nkhawa anthu ambiri akangoika ZFS, yomwe ndi kuchuluka kwa RAM imene imaoneka ngati yadyedwa.

ZFS, yomwe inapangidwa ndi Sun Microsystems n'kutulutsidwa mu 2005, sidalira page cache, malo a mu RAM mmene Linux imasungamo kwa kanthawi zimene yawerenga pa disiki, monga imachitira ext4, dongosolo la mafayilo lofala pa Linux. Ili ndi malo akeake mu RAM otchedwa ARC, mmene imasungamo zimene zawerengedwa posachedwa komanso zimene zimawerengedwa kawirikawiri, kuti isamabwerere ku disiki nthawi zonse. Pa OpenZFS 2.1, yomwe imabwera ndi Ubuntu imeneyi, ARC imaloledwa kukula mpaka theka la RAM. Chosokoneza n'chakuti pulogalamu ya free, yomwe imaonetsa mmene RAM ikugwirira ntchito, imaika RAM imeneyi m'gulu la yogwiritsidwa ntchito osati la buff/cache, gulu la RAM imene Linux ingathe kumasula ikafunika, choncho munthu amaganiza kuti makina atsala pang'ono kudzaza pomwe sizili choncho.

Poyesa, ndinatsegula arcstat, pulogalamu yoonetsa kukula kwa ARC, pawindo lina n'kuyamba kukopera zithunzi za ukwati zosakonzedwa, zomwe zimakhala zazikulu kwambiri. ARC inakwera mpaka pafupifupi 8 GB n'kuima pomwepo. Kenako ndinagwiritsa ntchito stress-ng, pulogalamu yoyesera mphamvu za makina, kupempha RAM pang'onopang'ono, ndipo manambala a ARC anayamba kutsika, kusonyeza kuti imabwezadi malo Linux ikawafuna. Koma nditapempha RAM yochuluka nthawi imodzi, makina anakakamira kwa kanthawi ndipo swap, malo a pa disiki othandizira RAM ikachepa, inayamba kugwira ntchito, chifukwa ARC simasula malo mofulumira ngati page cache. Apa m'pamene pamafunika kusamala kwa amene amayendetsa makina ongoyerekeza (virtual machines) kapena database pa kompyuta yomweyo, popeza RAM ikasowa mwadzidzidzi kernel, yomwe ndi mtima wa Linux, ikhoza kutseka pulogalamu ina kudzera mu OOM killer, mbali yake imene imatseka mapulogalamu kuti RAM ipezeke.

Mankhwala ake ndi osavuta. Mu fayilo ya /etc/modprobe.d/zfs.conf ndinalemba options zfs zfs_arc_max=4294967296, zomwe zikutanthauza kuti ARC isapitirire 4 GB, kenako ndinayendetsa update-initramfs -u kuti kusinthaku kuzigwira ntchito makina akamayaka, n'kuyatsanso makina. Kukakamira kuja sikunabwerenso, ndipo mafoda amene timatsegula tsiku ndi tsiku akutsegukabe msanga.

Kwa ife okhala komwe magetsi amazimazima, pali mfundo ina. ARC imakhala mu RAM, kotero makina akazima imayambiranso yopanda kanthu, ndipo ntchito yoyamba imayenda mochedwerapo mpaka itadzazanso. Mafayilo okha ndinawapeza bwinobwino, popeza ZFS silemba pamwamba pa deta yakale isanamalize kulemba yatsopano, ndipo zpool scrub, yomwe imafufuza ngati deta yaonongeka, sinapeze vuto lililonse.

Ndikuvomereza ZFS kwa aliyense amene ali ndi RAM yosachepera 8 GB, bola aike malire a ARC ngati kompyutayo ikugwiranso ntchito zina, ndipo aziona manambala pa arc_summary, pulogalamu yopereka lipoti la ARC, osati pa free.