Ndemanga ya guluu wa G/flex 650 pomata matabwa a kunja kwa bwato la matanga

Guluu uyu ndinamugula kuti ndipangire thabwa lokhota lozungulira m'mphepete mwa bwato langa laling'ono, lija limene limalandira nkhonya zonse bwato likamagunda doko, komanso chogwirira chatsopano cha tsigiro. Zonse ziwiri ndinazipanga posanja timatabwa topyapyala ta teak, ta mamilimita 5, kena pamwamba pa kanzake, ndi kutipinda pa chikombole guluu asanaume. Ndadikira kuti bwato lipyole nyengo ya dzuwa ndi ya mvula ndisanalembe chilichonse, chifukwa guluu aliyense amaoneka wamphamvu sabata yoyamba. Pakadali pano palibe pamene pamatuka, ngakhale kumapeto kwa matabwa kumene madzi amalowera msanga, ndipo ntchito ina yotere ikapezeka ndidzagula yemweyu.

G/flex 650 ndi epoxy, guluu amene amauma mukasakaniza utomoni ndi choumitsa chake, wa kampani ya Gougeon Brothers ya ku Bay City, Michigan, yomwenso imapanga epoxy wina wotchedwa West System 105 amene ambiri okonza mabwato amamudziwa. Amabwera m'mabotolo awiri, ndipo mumasakaniza muyezo wofanana kuchokera m'botolo lililonse. Zimenezi zimapeputsa ntchito mukayerekeza ndi 105, amene akasakanizidwa ndi choumitsa cha 205 kapena 206 amafuna magawo 5 ku gawo limodzi, muyezo umene ndi wosavuta kuuphonya mukamasakaniza pang'ono.

Ndisanasankhe ndinaganizira mitundu ina. Guluu wa akalipentala wosalowa madzi, monga Titebond III, ndi wabwino pa zitseko ndi mipando ya panja, koma opanga ake amanena okha kuti si wa malo okhala m'madzi nthawi zonse, ndiponso guluu wa mtundu umenewu amagonja pang'onopang'ono akamakokedwa kosalekeza, pamene thabwa lopindidwa limakhala likufuna kuwongoka moyo wake wonse. Guluu wa polyurethane amachita thovu akakumana ndi chinyezi, ndipo thovulo limadzaza mpata mokongola koma lilibe mphamvu. Amene anandivuta kumusiya ndi resorcinol. Pa kupirira madzi ndi kutentha palibe womuposa, ndipo amisiri a mabwato amudalira kwa zaka zambiri. Koma amafuna matabwa opalidwa bwino kwambiri moti akakumana pasatsale mpata, amafuna kupanidwa mwamphamvu, mitundu yake yambiri siuma bwino kutentha kukatsika pansi pa madigiri 21 a Celsius, ndipo amasiya mzere wakuda mofiirira pakati pa matabwa. Munthu wocheka timatabwa take ndi sowo yapakhomo, monga ine, sangalonjeze kuti paliponse pakumana ndendende. Apa ndi pamene epoxy amapambana, chifukwa amadzaza mipata ing'onoing'ono osataya mphamvu.

Chimene chimasiyanitsa G/flex ndi epoxy wamba ndi kutha kwake kutamuka. Malinga ndi manambala a kampaniyi, amatha kutamuka ndi 30 peresenti kapena kupitirira pang'ono asanaduke, pamene 105 amaduka asanafike 5 peresenti. Izi zili ndi tanthauzo lenileni pa thabwa la kunja. Thabwa likamwa madzi limatupa, likauma limabwerera, ndipo limachita zimenezi m'mimba mwake, osati m'litali. Timatabwa tosanjidwa sititupa mofanana, popeza kakunja kamanyowa ndi kutenthedwa kuposa kamkati, choncho mzere wa guluu umakokedwa uku ndi uku chaka chonse. Guluu wouma gwa amayamba ndi kang'alu kosaoneka kumapeto, madzi amalowamo, kang'aluko n'kumakula. Wotamuka amayenda limodzi ndi thabwalo. Komabe si wofewa ngati zomatira za m'machubu zotsekera mipata: nditachotsa chogwirira cha tsigiro pa chikombole chinawongoka pang'ono chabe, monga zimachitikira ndi guluu aliyense, ndipo kuchokera pamenepo sichinasinthenso.

Nthawi imene amapereka ndi chifukwa china chimene ndikumuyamikira. Pa madigiri 22 amakhala mphindi pafupifupi 45 m'kapu asanayambe kulimba, ndipo akapakidwa pa thabwa muli ndi mphindi pafupifupi 75 zosanja ndi kupana. Amene anayesapo kupaka timatabwa titalititali mbali zonse ziwiri, kutinyamula tikuterera, kutipinda ndi kumanga zopanira zambirimbiri ali yekha, akudziwa kuti mphindi zimenezi si zochuluka. Kukatentha nthawiyo imafupika, choncho ndi bwino kusakaniza pang'onopang'ono ndi kuthira guluu m'chotengera chophwatalala, chifukwa epoxy wounjikana m'kapu yakuya amadzitenthetsa yekha n'kuuma msanga. Ndinasiya matabwa pa chikombole kupitirira maola 24 amene akulimbikitsidwa, popeza thabwa lopindidwa limakoka kuyambira mphindi imene mwamasula.

Guluu uyu amatchuka pogwira mitengo yovuta monga teak, amene ali ndi mafuta, ndi oak woyera, koma kutchukako kusanamize munthu kuti kukonzekera n'kosafunika. Kathabwa kalikonse ndinakapukuta ndi asetoni (mankhwala amadzimadzi ochotsa mafuta) pa nsalu yoyera, ndinakakwecha ndi sandipepa wokhakhala wa nambala 80 kuti guluu apeze pogwira, ndinachotsa fumbi, kenaka ndinamata tsiku lomwelo mafuta asanabwererenso pamwamba. Thabwa lopalidwa mosalala kwambiri ndi makina silimatika bwino ndi epoxy. Matabwa akhalenso ouma, chinyezi chake chikhale pakati pa 8 ndi 12 peresenti, ngakhale kuti guluuyu amatha kugwira thabwa lonyowa pa ntchito zadzidzidzi. Ndinayamba ndi kupaka guluu wopanda chowonjezera mbali zonse kuti alowerere m'thabwa, kenaka ndinathiramo ufa wokhuthalitsa wa 406 pang'ono kuti asatsetsereke. Amene safuna ntchito yosakanizayi angagule G/flex 655, amene amabwera atakhuthala kale.

Pa kupana, dzanja lozolowera guluu wa akalipentala liyenera kudziletsa. Epoxy safuna mphamvu. Mukamanga zopanira mpaka kumapeto, guluu yense amafinyikira kunja, pakati pamatsala pouma, ndipo pamenepo ndi pamene padzamatuke. Manganibe mpaka timatabwa titakhudzana ndipo guluu akutuluka pang'ono m'litali monse, kenaka lekani. Zopanira zambiri zomangidwa mopepuka ziposa zochepa zomangidwa mwamphamvu. Chikombole muchikute ndi pulasitiki kapena tepi yosalala, apo ayi ntchito yanu idzamatirira komweko. Wotuluka m'mbali ndi bwino kumupala akadali wofewa, chifukwa akauma amatamuka pansi pa sandipepa ndipo amachedwa kuchoka kuposa epoxy wolimba. Magolovesi musawaiwale: epoxy akamakhudza khungu kawirikawiri amatha kuyambitsa ziwengo zimene sizichokanso.

Dzuwa ndilo mdani wa epoxy aliyense, ndipo uyu sapulumukako. Mzere wa guluu ukasiyidwa poyera umayamba chikasu, kenaka umatuwa ndi kunyenyeka pamwamba. Anthu ambiri amakonda kusiya teak wosapaka kanthu kuti atuwe yekha, ndipo pa thabwa limodzi lathunthu zimenezo zilibe vuto, koma pa timatabwa tomatidwa ndi epoxy sindingalangize. Langa ndinalipaka vanishi wa mabwato woteteza ku kuwala kwa dzuwa, kangapo konse, ndipo ndimabwerezanso akangoyamba kuzilala. Kutentha nakonso n'kofunika kukuganizira, pakuti epoxy wouma popanda kuwotchedwa amayamba kufewa cha m'ma madigiri 50, ndipo thabwa lopakidwa utoto wakuda likhoza kufika pamenepo masana. N'chifukwa chake thabwa la m'mphepete ndinalimangirira ku bwato ndi masikuluwu osachita dzimbiri, osadalira guluu yekha, ndipo kumapeto kwake ndinamwetsa epoxy ndisanapake vanishi.

Guluuyu amaoneka wachikasu mofiirira, motero pa teak ndi pa mbawa mzere wake suoneka kwenikweni, koma pa mitengo yoyera monga ash umaoneka. Si woti mupake pamwamba pa thabwa kuti liwale; ntchito imeneyo ndi ya 105 ndi choumitsa cha 207. Amene akumata mbawa kapena mtengo wina wopanda mafuta, ndipo ali kale ndi 105 ndi 206 pashelefu, safunika kugula botolo lina, chifukwa epoxy wamba wokhuthalitsidwa amagwira bwino mitengo imeneyo.