Kuteteza magetsi ku EMP: tiyambire pa mathiransifoma kapena pa ma relay?

Bomba la nyukiliya likaphulika m'mwamba kwambiri siligwetsa nyumba pansi pano, koma limatulutsa mphamvu ya magetsi ndi maginito yotchedwa EMP, ya magawo atatu (E1, E2 ndi E3), imene imalowa m'mawaya a dera lalikulu nthawi imodzi. Pa 9 Julayi 1962 dziko la America linaphulitsa bomba la Starfish Prime makilomita 400 pamwamba pa nyanja ya Pacific, ndipo magetsi a mumsewu pafupifupi 300 anazima ku Hawaii, mtunda wa makilomita oposa 1,400. Amene ali ndi udindo woteteza magetsi, ndalama zikapereŵera, ayenera kusankha poyambira.

Njira yoyamba ndi kuteteza mathiransifoma aakulu ku gawo la EMP lotchedwa E3. Gawoli limabwera pang'onopang'ono, ndipo limatha masekondi ambiri, chifukwa kuphulikako kumagwedeza mphamvu ya maginito ya dziko lapansi. Kugwedezekako kumayendetsa magetsi opita mbali imodzi m'mawaya aatali, amene amalowa m'thiransifoma kudzera pa waya wolumikizidwa kunthaka, moti chitsulo cha m'kati chimakhuta mphamvu ya maginito, thiransifomayo imang'ung'uza ndi kutentha, ndipo mphamvu ya magetsi imatsika. Mankhwala ake ndi makapasita, zida zotchinga magetsi opita mbali imodziwo, oikidwa pa waya wopita kunthaka kapena pa mawaya aataliwo. Ubwino wa njirayi ngwakuti imatetezanso ku namondwe wochokera kudzuwa, monga amene anazimitsa magetsi a ku Quebec, m'dziko la Canada, kwa maola 9 pa 13 Malichi 1989, ndipo namondwe wotereyu sadikira nkhondo. Kuipa kwake nkwakuti imadya ndalama, komanso mukatchinga thiransifoma imodzi ndi kapasita, magetsiwo amangopatukira kwa zinzake zoyandikana nazo.

Njira yachiwiri ikukhudza E1, imene imafika pachimake m'kanthawi kochepa zedi, zida wamba zotchinga mphenzi zisanayambe n'komwe kugwira ntchito, ndipo ingafike mavoti 50,000 pa mita imodzi. Imeneyi siivutitsa kwenikweni mathiransifoma aakulu, koma imawononga ma relay a makono, tizipangizo ta kompyuta timene timazindikira vuto pa waya ndi kulamula kuti magetsi adulidwe. Kuwateteza kumafuna chipinda chokutidwa ndi chitsulo, mawaya okhala ndi chikuto cholumikizidwa bwino kunthaka, zosefa pamalo pamene waya akulowa m'chipindamo, ndiponso fiber, chingwe chotumiza mauthenga ndi kuwala, m'malo mwa waya wa kopa. Ntchito yake ndi ya tinthu ting'onoting'ono tosalola ulesi, pakuti waya mmodzi woiwalika wolowa m'chipinda popanda chosefa angagwetse chitetezo chonse. Gawo la E2 limafanana ndi mphenzi, choncho zida zimene zilipo kale zimalikwanira ngati E1 sinaziwononge.

Kwa ine, ma relay ndiwo oyenera kuyambira. Kafukufuku wa mu 2019 wa EPRI, bungwe la ku America lofufuza za magetsi, anapeza kuti E3 ingazimitse magetsi m'dera lalikulu koma sizikuoneka kuti ingapsereze mathiransifoma ochuluka, pamene ma relay ena angawonongeke ndi E1. Alipo akatswiri amene amati kafukufukuyu anachepetsa ngoziyo, ndipo nkhawa yawo ili ndi maziko, popeza thiransifoma yaikulu ikapsa, kupeza ina kumatenga nthawi yoposa chaka. Komabe siteshoni ya magetsi imene ma relay ake afa singayatsidwenso mosatekeseka ngakhale mathiransifoma ake ali bwinobwino. Makapasita angatsatire pambuyo, kuyambira pa mawaya aatali kwambiri odutsa m'madera a miyala yosalola magetsi kudutsa mosavuta, kumene E3 imakula koposa.